Kusankha nthawi ya chakudya chamadzulo ndi zochita za banja pa sitima yapanyanja

Sitima zikuluzikulu zotengera anthu kokasangalala panyanja zimanyamula anthu 3,000, zina mpaka kupitirira 6,000, ndipo njala imawagwira onsewo nthawi yofanana. Chipinda chachikulu chodyera sichingawalandire pakamodzi. N'chifukwa chake chakudya chamadzulo chimagawidwa m'magawo, ndipo pobukitsa ulendo amakufunsani gawo lomwe mukufuna. Ambiri amangoyankha mwachisawawa poiona ngati nkhani yaing'ono. Komatu yankho limenelo ndi lomwe lidzalamule nthawi yobwerako kumtunda, nthawi yosambitsa ana, chionetsero chomwe mudzaonere, ndi nthawi yomwe wamng'ono adzagone. Yambani ndi chakudya chamadzulo, zinazo muzikoloweke pamenepo.

Momwe magawo a chakudya amayendera

Njira yakale ndi ya nthawi yoikika. Gawo loyamba limayamba pakati pa 5:30 ndi 6 koloko madzulo, lachiwiri pakati pa 7:45 ndi 8:30 usiku. Pa sitima za kampani ya Carnival kawirikawiri imakhala 6:00 ndi 8:15, pa za Disney 5:45 ndi 8:15. Tebulo limakhala lomwelomwelo ndipo operekera zakudya ndi omwewo ulendo wonse. Ku Disney chipinda chodyera chimasintha tsiku ndi tsiku, koma operekerawo amasamuka nanu. Kwa banja la ana aang'ono ubwino wake ndi waukulu: pofika tsiku lachiwiri mpando wa mwana mumaupeza ataika kale, buledi ndi madzi zili patebulo, woperekera akudziwa kuti uyu sadya chakuti. Kuipa kwake, nthawiyo siyidikira munthu. Woperekera mmodzi amasamalira matebulo angapo, ndipo kukhitchini zakudya zimatuluka motsatana, zoyambira, zenizeni, kenako zotsekemera. Kuchedwa ndi mphindi 15 kapena 20 kumasokoneza zonsezo, ndipo mukapitirira apo akhoza kukulozerani ku bufe, kumalo odzigawira nokha chakudya.

Njira ina ndi yobwera nthawi yomwe mwafuna. Royal Caribbean amaitcha My Time Dining, Carnival amati Your Time Dining, ndipo Norwegian anachotseratu nthawi zoikika pa sitima zawo. Ufuluwo uli ndi malire ake. Pafupifupi aliyense amafuna kudya pakati pa 6:30 ndi 7:30, ndiye wofika nthawi imeneyo asanasungitse malo amaima pa mzere, mwina theka la ola, ana akulira pambali. Matebulo a anthu awiri kapena anayi ndi ambiri, amapezeka msanga. A anthu 8 kapena 10 ndi ochepa, ndipo banja lomwe ladya pa tebulo lotere silinyamuka msanga. Ngati muli oposa asanu ndi mmodzi, agogo ndi asuweni ali pomwepo, sankhani nthawi yoikika basi. Mukakakamira yomasukayo, sungitsiranitu malo a usiku uliwonse pa app ya kampaniyo ulendo usanayambe, zomwe pamapeto pake zikufanana ndi nthawi yoikika, kungoti mwadziikira nokha.

Bufe imakhalapo usiku uliwonse kwa amene dongosolo lawalephera. Muziitenga ngati pothawira, osati ngati manyazi.

Loyamba kapena lachiwiri?

Zinthu ziwiri ndi zomwe zimagamula. Choyamba ndi nthawi yomwe mwana wamng'ono kwambiri amagona. Chakudya cha m'chipinda chachikulu chimatenga ola ndi theka, nthawi zina maola awiri. Kuyamba 8:15 ndiye kuti kumaliza cha m'ma 10 koloko, ndipo mwana wa zaka zinayi yemwe watandala padzuwa ndi m'madzi sangafike kumeneko ali maso. Amagona pa mpando, kapena amayamba kuvuta zenizeni zisanafike n'komwe.

Chachiwiri, chomwe ambiri sachiyang'ana, ndi nthawi yomwe sitima imanyamuka pa doko lililonse. Tengani ndondomeko ya ulendo muwerengetsere chobwerera m'mbuyo. Sitima ikamanyamuka 6 koloko, aliyense amayenera kukhala atakwera pofika 5:30. Pa khomo pamakhala mzere wa ofufuza zikwama, poti anthu ambiri amabwerera nthawi imodzi. Ikanipo mphindi 20. Chipinda chogona chili ndi bafa imodzi yopapatiza, ndipo anthu anayi kusamba ndi kuvala sangathe ola lisanakwane. Banja lomwe lakwera 5:15 silingakhale pa tebulo 6 koloko. Maulendo a ku Caribbean savuta kwenikweni chifukwa sitima zambiri zimanyamuka cha m'ma 4 kapena 5 koloko. A ku Mediterranean ndi ena. Sitima imatha kukhala pa doko mpaka 7 koloko, ndipo mizinda yomwe anthu amafuna kuona ili kutali ndi doko: kuchoka ku Rome kubwerera ku doko la Civitavecchia ndi makilomita pafupifupi 80, ulendo woposa ola. Pa ulendo wotere, wosankha gawo loyamba amaphonya chakudya masiku angapo kapena amadula ulendo wakumtunda pakati.

Ana akakhala ochepera zaka 8 ndipo sitima imanyamuka msanga, tengani gawo loyamba. Akakhala achinyamata, lachiwiri ndi labwino, chifukwa dziwe losambiramo limakhala lopanda anthu kuyambira 5 koloko ena akukasamba, ndipo dzuwa likamalowa inu muli panja. Povuta ndi pomwe ana ndi aang'ono koma madoko ndi ochedwa. Apo pali njira yomwe imathandiza: dyetsani ana ku bufe cha m'ma 6 koloko, muwapereke ku kalabu ya ana, komwe ogwira ntchito m'sitima amawayang'anira, ikamatsegula 7 koloko, akuluakulu mukadye gawo lachiwiri. Chenjerani ndi mapeto ake. Makalabu ambiri ndi aulere mpaka 10 koloko usiku, kupitirira apo amalipiritsa pa ola pa mwana aliyense, ndiye mmodzi wa inu angafunike kunyamuka zotsekemera zisanabwere.

Ngati mwafika pa doko loyambira pa ndege kuchokera kudziko losiyana maola, matupi a ana amakhala akutsatirabe nthawi ya kwawo kwa masiku awiri kapena atatu. Zimenezo muziwerengerenso.

Gawo loyamba limadzaza msanga, makamaka nthawi ya tchuthi cha sukulu. Mukapeza lodzaza, pemphani kuti akulembeni pa mndandanda wa odikira, ndipo tsiku lokwera pitani kwa mkulu woyang'anira chipinda chodyera masana omwewo. Amakhala ndi nthawi yake yolandira ofuna kusintha, ndipo imalembedwa pa ndondomeko ya tsikulo. Wopita madzulo amapeza malo otsalawo atatengedwa. Chinanso: banja likabukitsa zipinda ziwiri kapena zitatu, chilichonse chimakhala ndi nambala yakeyake, ndipo kompyuta siidziwa kuti ndinu amodzi. Uzani kampani kapena wokukonzerani ulendo kuti alumikize manambalawo. Kupanda kutero agogo amapezeka aikidwa pa tebulo la alendo, mwinanso pa nsanjika ina.

Pa tebulo

Usiku woyamba ndi wouza woperekera zonse, mosabisa. Muuzeni kuti chakudya cha ana chibwere limodzi ndi zoyambira za akuluakulu, osati kudikira zenizeni. Ngati mukufuna kutuluka ola limodzi likamakwana, nenani pokhala pansi ndipo itanitsani zonse pakamodzi, zotsekemera zomwe. Operekera amathamangitsa zinthu akauzidwa, koma mukangokhala chete amaganiza kuti mukufuna kudya mwachifatse. Ana ali ndi menyu yawo, komanso ndi ololedwa kuitanitsa za pa menyu ya akuluakulu popanda kulipira china. Menyu ya madzulo imaoneka pa app kuyambira m'mawa, ndiye mutha kusankhiratu masana kuti mkangano wa pa tebulo uchepe.

Ngati pali chakudya chomwe chimawenga mwana, monga mtedza, mkaka, mazira kapena nsomba za m'zigoba, dziwitsani kampani milungu ingapo ulendo usanafike, ndipo mukabwerezenso kwa mkulu wa operekera usiku woyamba. Kachitidwe kake n'koti usiku uliwonse amakubweretserani menyu ya mawa, inu n'kusankhiratu, kuti chakudyacho chikaphikidwe padera. Izi zimayenda bwino pa nthawi yoikika chifukwa mukulankhula ndi anthu omwewo tsiku lililonse. Ku bufe ndi koopsa kwa mwana wotere: anthu amasinthanitsa masipuni ogawira, ndipo zakudya zimagwerana. Kumeneko itanitsani wophika kuti akubweretsereni mbale yochokera kukhitchini.

Malesitilanti olipira padera, a nyama yootcha, a zakudya za ku Italy kapena za ku Japan, musawaike pa usiku uliwonse. Umodzi ndi wokwanira pa ulendo wa masiku 7. Pamwamba pa mtengo amaonjezera ndalama yothokoza, nthawi zambiri 18 kapena 20 pa 100 iliyonse. Tsiku loyenera ndi lomwe mukudziwa kuti mudzabwerako mochedwa kumtunda, popeza nthawi yake mumasankha nokha. Musaliike pa usiku wovala bwino, womwe okwera amapemphedwa kutchena, chifukwa ndi pomwe chipinda chachikulu chimatulutsa zakudya zake zapamwamba, zomwe munalipira kale. Pa ulendo wa masiku 7 usiku wotere umakhalapo kawiri, woyamba kawirikawiri pa tsiku lachiwiri. Ojambula zithunzi amadzaza m'makonde usiku umenewo ndipo mizere yake ndi yaitali. Wofuna chithunzi cha banja atuluke m'chipinda mphindi 30 nthawi ya chakudya isanakwane, ana zovala zawo zisanadonthere msuzi.

Tsiku lokwera

Masutikesi amafika ku chipinda mochedwa, mwina madzulo ndithu, ndipo zipinda zimatsegulidwa cha m'ma 1 koloko masana. Zovala zosambira, mankhwala, matewera ndi chovala chimodzi cha madzulo zikhale m'chikwama cha m'manja. Zochita zitsatane motere: choyamba phunziro la zochita pa ngozi, kenako kulembetsa ana ku kalabu, kenako kukaona tebulo lanu, chakudya chamasana pambuyo kapena pakati pake.

Phunzirolo silozemba. Chichitikireni ngozi ya Costa Concordia ku Italy mu 2012, lamulo linakhwimitsidwa kuti okwera aphunzitsidwe sitima isananyamuke kapena itangonyamuka kumene. Makampani ambiri tsopano amakuonetsani kanema pa foni kapena pa TV ya m'chipinda, kenako banja lonse limapita kumalo ake osonkhanirana kukaonetsa makadi. Ana aang'ono amavekedwa kachibangili kolembedwa malo amenewo, ndipo sikayenera kuvulidwa mpaka ulendo utatha. Chizindikiro cha ngozi ndi kulira kwa hutala kasanu ndi kawiri mofupikitsa, kenako kamodzi motalikitsa. Chikamveka mwana ali ku kalabu, ogwira ntchito ndi omwe amamubweretsa kwa inu kumalo osonkhanirana. Musathamangire ku kalabu. Ana okulirapo auzeni zimenezi tsiku lomwelo.

Makalabu a ana

Kampani iliyonse imagawa ana potengera zaka. Ku Camp Ocean ya Carnival magulu ndi a zaka 2 mpaka 5, 6 mpaka 8, ndi 9 mpaka 11, kenako Circle C ya 12 mpaka 14 ndi Club O2 ya 15 mpaka 17. Adventure Ocean ya Royal Caribbean ndi Splash Academy ya Norwegian zimalandira ana ongosiyidwa kuyambira zaka zitatu, ndipo ku Adventure Ocean mwanayo ayenera kukhala wodziwa kupita yekha kuchimbudzi. Kumeneko wa zaka zitatu wovalabe thewera amabwezedwa, ndipo makolo ambiri amazidziwira pa khomo pomwepo. Ochepera apo amakhala ndi chipinda cha makanda cholipira pa ola, pa sitima zomwe zili nacho, ndipo malo ake ndi ochepa, ofunika kusungitsa tsiku loyamba. Makanda amaloledwa kukwera akakwanitsa miyezi 6, koma pa maulendo owoloka nyanja yaikulu amafuna miyezi 12.

Abale opondana, wina wa zaka 5 wina wa 6, akhoza kugwera m'magulu osiyana, ndipo ogwira ntchito savomera kawirikawiri kukweza mwana kupita ku gulu la akulu. Akonzekeretseni akadali kunyumba. Tsiku lokwera makalabu amatsegulira makolo kuti alowe kuona. Pitani ndi mwanayo, aone zidole ndi anthu ake inu muli pomwepo. Achinyamata nkhani yawo ndi ya usiku woyamba. Magulu a ocheza amapangika pa msonkhano woyambawo, ndipo wolowa tsiku lachitatu amapeza anzake atadziwana kale, n'kubwerera osadzapitanso. Ngakhale akane, mukakamizeni usiku umodzi umenewo.

Makalabu ambiri satsegula tsiku lonse mosalekeza. Pa tsiku lomwe sitima siima pa doko, kawirikawiri amatsegula 9 mpaka 12 koloko, 2 mpaka 5, ndi 7 mpaka 10 usiku. Musaike nthawi yanu yokatikitidwa thupi kapena yokadya awiriwiri pa maola otsekawo. Nthawi ya tchuthi malo amadzaza, ndiye fikani mphindi 10 asanatsegule. Pa fomu yolembetsera mumalemba omwe ali ololedwa kutenga mwana. Lembanipo agogo ndi azakhali ngati alipo, apo ayi adzawakaniza. Ana a zaka 9 kupita m'tsogolo ena amaloledwa kudzitulutsa okha kholo likavomera. Tsiku loyamba ndi lachiwiri musavomere, mpaka mwanayo atakulondolerani yekha kuchokera ku kalabu kukafika ku chipinda osasochera.

Madzi, zotsetsereka ndi msinkhu

Mwana wovala thewera, ngakhale la m'madzi, saloledwa mu dziwe losambiramo kapena m'mabafa a madzi otentha. Ndi lamulo la zaumoyo, ndipo ndi sitima zina zokha zomwe zili ndi malo a madzi othovokera makanda, okhala ndi makina ake osefera. Zotsetsereka zazikulu zambiri zimafuna msinkhu wa masentimita 107 kupita m'mwamba. FlowRider ya Royal Caribbean, malo oseweretsa thabwa pa mafunde ochita kupanga, imafuna masentimita 132 kwa wogona pa thabwa ndi 147 kwa woimirira. Muyezeni mwana kunyumba, wopanda nsapato, musanamulonjeze kanthu. Mizere ya zotsetsereka imatalika kwambiri pakati pa 11 koloko ndi 3 koloko pa tsiku la panyanja pokhapokha. Nthawi zabwino ndi masana a tsiku lokwera, m'mawa akangotsegula, ndi tsiku loima pa doko pomwe anthu ambiri atsika. Ngati pali doko lomwe silikukukopani, khalani m'sitima. Tsiku limenelo ana amasewera zonse popanda mzere.

Kukonza tsiku

Ndondomeko ya tsiku lililonse imatuluka pa app kapena pa pepala, Cruise Compass ku Royal Caribbean, Freestyle Daily ku Norwegian, ndipo imakhala ndi zochitika zambirimbiri zogundana nthawi. Banja lofuna kuchita zonse limakangana pofika tsiku lachitatu. Usiku, musanagone, aliyense asankhe chinthu chimodzi cha mawa chomwe sakufuna kuphonya. Zoti nonse mukhale pamodzi zikhale ziwiri zokha, chakudya chamadzulo ndi china chimodzi. Pakati pa 1 koloko ndi 3 koloko pasakhale kanthu kuti aang'ono agone, makamaka ngati mukufuna adzafike ku chionetsero cha usiku. Makoma a zipinda ndi achitsulo, ndiye maginito awiri ndi okwanira kupachikira pepala la ndondomeko pomwe aliyense angalione.

Chionetsero chachikulu chimachitika kawiri usiku uliwonse kuti chigwirizane ndi magawo a chakudya: odya loyamba amaonera akamaliza, odya lachiwiri amaonera asanadye kapena mochedwa kwambiri. Odya nthawi yomasuka ndi omwe amagwa pakati, akakhala pa tebulo 7 koloko n'kuphonya chiyambi cha zonse ziwiri. Pa sitima zazikulu kwambiri, monga Oasis of the Seas ndi zinzake, zionetsero za m'madzi ndi za pa ayezi zimafuna kusungitsa malo, ndipo osafika mphindi 10 kapena 15 chisanayambe malo awo amapatsidwa kwa odikira panja. Ngati mumadya nthawi yomasuka, sungitsani zionetsero poyamba, kenako muike chakudya maola awiri chionetsero chisanayambe. Za panja muziike kumayambiriro kwa ulendo, chifukwa mphepo ikakula zimalephereka, ndipo pamafunika masiku otsala oti zibwerezedwe.

Mtunda nawo umadya nthawi. Chipinda chodyera chimakhala kumbuyo kwa sitima, holo ya zionetsero kutsogolo, makalabu a ana pamwamba. Sitima ya Icon of the Seas ndi yotalika mamita 365. Gawo la chakudya likamatha zikepe zimadzaza, ndipo wokankha ngolo ya mwana amatha kuonerera zikepe zitatu zikudutsa. Ikani mphindi 15 pakati pa chochitika china ndi chinzake.

Kulankhulana kumavuta poti foni ikalumikizika ku netiweki ya panyanja imadya ndalama koopsa. Ikani mafoni onse pa airplane mode, monga muchitira mundege, mutsegule Wi-Fi yokha. App ya sitima imagwira ntchito osagula intaneti, ndipo zambiri zili ndi potumizirana mauthenga, kwina mwaulere, kwina pa mtengo wochepa. Mauthengawo amachedwa kulira, ndiye gwirizanani malo ndi nthawi yokumanirana, monga ku chipinda ola limodzi chakudya chisanayambe. Khadi yotsegulira chipinda ndi yomwenso imagula zinthu, ndipo mwana wosiyidwa nayo kumalo a magemu amatha ndalama osadziwa. Pitani ku desiki ya alendo tsiku loyamba mukatseke khadi yake kapena muiikire malire. Royal Caribbean ndi Carnival salola azaka 17 kutsika pansi kuyendayenda okha ikapitirira 1 koloko usiku. Inu mutha kuika yanu yofulumirirapo.

Pa doko tsatirani nthawi ya sitima, osati ya foni. Foni imasintha yokha kutsatira nthawi ya dzikolo, pomwe sitima nthawi zina siisintha, ndipo kusiyana kwa ola limodzi kwasiyitsa anthu kumtunda. Sitima imadikira okhawo omwe ali pa ulendo wakumtunda wogula ku kampani ya sitimayo. Madoko omwe sitima imaima patali n'kumatsitsa anthu pa maboti ang'onoang'ono amafuna ola lowonjezera, popita ndi pobwera.

Matenda ndi usiku womaliza

Nyanja ikawinduka, kugwedezeka kumamveka kwambiri kutsogolo, kumbuyo ndi pamwamba. Mwana akayamba mseru pa chakudya, mutulutseni mupite naye pakati pa sitima, pa nsanjika ya pansi yomwe ili ndi potulukira mphepo, ayang'ane kutali. Mankhwala a chizungulire amagwira bwino akamwedwa mseru usanayambe, ndipo ena amagonetsa. Mlingo wa ana funsani dokotala musananyamuke. Kachilombo ka norovirus, kotsegula m'mimba ndi kusanzitsa, sikafa kwenikweni ndi mankhwala opaka m'manja aja. Sopo ndi madzi, masekondi 20, musanadye. Mwana yemwe wasanza kapena kutsegula m'mimba salandiridwa ku kalabu mpaka achipatala cha m'sitima atamuona, ndipo akhoza kuuzidwa kukhala m'chipinda kwa tsiku kapena awiri. Chakudya chimabweretsedwa komweko.

Usiku womaliza masutikesi amatulutsidwa panja pa chitseko cha m'ma 10 kapena 11 koloko. Odya gawo lachiwiri alongedze masana, chifukwa pomaliza kudya nthawi imakhala yatha. Siyani padera zovala ndi nsapato za m'mawa za aliyense, mapasipoti, mankhwala ndi matewera okwanira tsiku lonse. Onani bilu pa app usiku womwewo, poti mzere wa ku desiki m'mawa ndi wautali. Chakudya cham'mawa cha tsiku lotsika chimatha msanga, ndipo zipinda amafuna zitakhala zopanda anthu cha m'ma 8 koloko.